Mpeni umodzi wa kukhitchini ndi kutchire: mugule uti ndalama zikakhala zochepa?

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti amadziphikira yekha kunyumba, ndipo akapeza mpata amakwera phiri ndi anzake kukagona m'matenti, mwina kupita kunyanja kukawedza. Mpeni wake wopinda wa Okapi wayamba kugwedera popindira, ndiye akufuna mpeni wosapinda, wotchipa, umodzi womwewo wodulira anyezi Lachitatu n'kukatumbulira nsomba Loweruka. Waona pa intaneti mipeni yochindikala imene azungu amawazira nkhuni, ndipo akufunsa ngati imeneyo ndiye yoyenera. Ali ndi mkulu wake ku Joni amene angamutumizire.

Achimwene, yochindikalayo isiyeni. Gulani mpeni wopyapyala, wotalika masentimita 10 mpaka 14 kupatula chikumbu, ndipo ntchito yolemera muisiyire chikwanje.

Kusiya wopinda mwaganiza bwino. Okapi sindimunyoza, watumikira anthu kuyambira 1902 pomwe ankapangidwa ku Solingen ku Germany, ndipo kuchokera mu 1988 akupangidwa ku South Africa. Koma mpeni wopinda uliwonse mphamvu yake imathera pa kamsomali kapopindira. Ndiponso mukazingira nkhuku, magazi ndi mafuta zimalowa m'ngalande ya chikumbu momwe siponji safikamo, mawa lake mpeni womwewo mukusendera bango la mwana. Wosapinda mumangotsuka mbali ino ndi inayo, basi.

Tsopano pa nkhani ya kuchindikala, apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Mipeni ya pa intanetiyo imakhala mamilimita 4, 5 mwina kuposerapo kumsana. Amaipanga choncho chifukwa mwini wake akufuna kuikhoma ndi chikuni kumsana kuti iwaze nkhuni, poti sananyamule chida china. Ife vuto limenelo tilibe. Chikwanje chili pamsika uliwonse, mtengo wake ndi wochepa, ndipo paulendo wa anthu anayi mmodzi sangalephere kuchinyamula. Ndiye mpeni wanu watsala ndi ntchito zanji kutchireko? Kudula chingwe, kusongola zikhomo za tenti, kupala mamba, kutumbula, kusenda mbuzi ngati mwagula, kudula tomato. Zonsezi mpeni wa mamilimita 2 umazichita bwino kuposa wa mamilimita 5. Alenje ndi osaka zikopa a kumadzulo kwa America m'zaka za m'ma 1800 ankanyamula mipeni ya Green River, ya fakitale imene John Russell anayambitsa ku Massachusetts mu 1834, ndipo inali mipeni wamba yopyapyala ya mtundu wa m'butchala. Anthu amene ankagona kutchire miyezi yathunthu sankaona chosowa pa mpeni wotero.

Dzina limene mulimve kwambiri mukamafufuza ndi Mora. Ndi tauni ya ku Sweden, m'chigawo cha Dalarna, kumene fakitale ya Frost inayamba kupanga mipeni mu 1891. Kampaniyo masiku ano ikutchedwa Morakniv. Mpeni wawo wa Companion ndi wotalika masentimita 10.4, wa stainless (chitsulo chosachita dzimbiri msanga) ndi wochindikala mamilimita 2.5, wa carbon (chitsulo chochita dzimbiri) mamilimita 2. Chikumbu ndi cha pulasitiki yokutidwa ndi labala, sichiterera m'manja ngakhale muli thovu la sopo kapena zoterera za nsomba, ndipo umabwera ndi chimake cha pulasitiki chokhala ndi kabowo pansi kotulukira madzi. Pa mtengo wake, palibe ambiri oupikisa. Palinso wotchedwa Heavy Duty wa mamilimita 3.2, umenewo ulambalaleni.

Koma ndikuuzeni chimene okonda Mora satchula. Muuyang'ane chapafupi: kuchokera kumsana chitsulo chimatsika chosapungula mpaka pafupi ndi kokuthwa, kenako chimasongoka mwadzidzidzi pa kampata ka theka la sentimita kapena kuposerapo pang'ono. Kasongoledwe kameneka n'kabwino zedi posema mtengo, mpeni umaluma n'kumatulutsa timapalapala topotana. Pa mbatatesi yaiwisi kapena karoti zimasintha. Umalowa pang'ono, kenako phewa lija limakankhira mbali ziwirizo uku ndi uku, mbatatesi n'kung'ambika ngati chikuni cha pankhwangwa m'malo modulika. Anyezi satuluka wopyapyala wofanana. Ndiponso chitsulo chake n'chopapatiza, moti mukamadulira pa thabwa mfundo za zala zimagunda thabwalo mpeni usanafike pansi, ndiye mumakakamizika kudulira m'mphepete mwa tebulo kapena kugwiritsa ntchito nsonga yokha. Chakudya chipsa ndithu, koma kudula kabichi wa anthu khumi ndi Mora ndi chilango.

Choncho dzifunseni kuti mpeniwo uzikhala kuti masiku ambiri. Malinga ndi imelo yanu, ukhala kukhitchini, kuphiri uzipita mwa apo ndi apo. Ine ndikanakhala inu ndikanayambira kukhitchini komweko: mpeni wa m'butchala waung'ono, wa masentimita 12 mpaka 14, umene chitsulo chake chimapungula pang'onopang'ono kuchokera kumsana mpaka kokuthwa. Victorinox ya ku Switzerland, imene Karl Elsener anayambitsa ku Ibach mu 1884, imadziwika ndi timipeni tofiira topinda, koma ilinso ndi mipeni ya ophika ndi ya m'butchala yokhala ndi zikumbu zakuda zokhakhala zotchedwa Fibrox. Imeneyo ndiyo mungauze akulu anu ku Joni kuti akayang'ane m'masitolo ogulitsa zipangizo za m'butchala ndi m'malesitilanti. Ndalama zikavuta, Tramontina ya ku Brazil, kampani ya mu 1911 imene imapanganso zikwanje, ili ndi mipeni yotchipa kwambiri. Yotchipayo chitsulo chake n'chofewerapo, imabuntha msanga, koma kuinola ndi mphindi ziwiri. Chimene mipeni imeneyi ilibe ndi chimake, ndipo tibwerako. Mora mugule ngati kusema ndi kuwedza ndiye mtima wanu, khitchini ikungotsatira.

Stainless kapena carbon? Chitsulo chimatchedwa stainless chikakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, ndi amene amapanga kakhungu kosaoneka pamwamba kotchinga dzimbiri. Cha Mora, chimene chimatchedwa 12C27, chili ndi chromium pafupifupi 13.5 peresenti. Carbon alibe chitetezo chimenecho. Amanoleka mosavuta pa mwala uliwonse ndipo amathwa mokoma, koma mukadulira tomato kapena mandimu n'kumusiya m'beseni mpaka mutatha kudya, mupeza madontho. Kuda kotuwira kumene amachita pakapita nthawi si vuto, kumathandizanso kutchinga. Choipa ndi dzimbiri lofiira limene limadya chitsulo n'kusiya timaenje. Ku Zomba, ndi chinyezi cha dzinja ndi nkhungu ya paphiri ija, komanso poti mukunena za kunyanja, tengani stainless. Makamaka ngati m'nyumba muli ena amene azigwiritsa ntchito mpeniwo, chifukwa simudzawauza tsiku ndi tsiku kuti apukute.

Mudzawerenganso zambiri zonena kuti chitsulo chiyenera kufika kumapeto kwa chikumbu, chooneka mbali zonse. Pa mpeni wowazira nkhuni n'zoona. Pa wanu n'zosafunika kwenikweni. Mu Companion chitsulo chimalowa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chikumbu, ndipo kuthyoka kwake n'kosowa. Choyenera kuopa ndi cha mipeni ina ya pamsika, imene kachitsulo kake kamangolowa pang'ono m'chikumbu n'kumatidwa ndi guluu, pamwamba n'kuikapo timitu ta misomali tongokongoletsa. Gwirani chikumbu ndi dzanja limodzi, msana wa mpeni ndi nsalu ku dzanja linalo, mupotoze pang'ono. Mukamva kugwedera kapena kulira, bwezani. Yang'ananinso mpata pamene chitsulo chikukumana ndi chikumbu. Ngati chikhadabo chikulowapo, nyama ndi madzi zizilowanso. Mipeni ya mano ngati sowo, ya kampasi kumatako, ya chikumbu chamgwintho choti muzisungamo machesi, ya maluwamaluwa pachitsulo, yonseyo ndalama zake zinathera pa maonekedwe.

Osula zitsulo athu nawo musawaderere. Wina wodziwa ntchito amasula mpeni wabwino kuchokera ku sipuling'i ya galimoto kapena tupa yakutha, ndipo zonsezo ndi zitsulo za carbon zolimba. Kungoti ubwino wake umadalira mmene wautenthera ndi kuuziziritsira, ndiye wina umatuluka wofewa, wina wokhadzuka. Yesani ndi tupa kokuthwa: ikamadya mosavuta ngati pa msomali, chitsulocho sichinalimbe.

Za kunola ndiye zoposa dzina la kampani. Mpeni wa Mora ndi wosavuta: mumagoneka kampata kosongoka kaja pa mwala mpaka kakhale phwathalala, n'kumakankha, ngodya imadzisunga yokha. Wa m'butchala mumaukweza msana pang'ono, madigiri 15 mpaka 20, n'kunola mbali imodzi mpaka chala chimve kakhambi kopindikira mbali inayo, kenako mutembenuze. Mwala mukasowa, sandipepala wosalala woyala pa galasi amagwira ntchito, ngakhale pansi pa kapu yadothi pamene sipanapakidwe zonyezimira. Chimene ndingakuletseni ndi kupita nawo kwa owotcherera kuti akaunole pa gilayinda. Mukaona m'mphepete mwasanduka mwa buluu, dziwani kuti chitsulo chapsa ndipo pamenepo pafewa. Uzithwa lero, mawa wabuntha. Kukwecha pa khonde la simenti nakonso kumadya mpeni msanga kuposa ntchito.

Chenjezo limodzi la m'nyumba. Amayi athu ambiri sadulira pa thabwa. Amakulunga mpiru kapena nkhwani m'dzanja lamanzere, n'kumadula cholunjika ku chala chachikulu, masamba akugwera m'mbale. Ndi mpeni wapakhomo wozolowereka zimayenda bwinobwino. Mora watsopano amabwera wakuthwa moti amameta cheya cha pamkono, ndipo Victorinox sasiyana naye kwambiri. Musangousiya pa thandala osanena kanthu.

Chimake: ngati mwagula wa m'butchala, pitani nawo kwa osoka nsapato akusokereni cha chikopa chochindikala, ndipo muwauze aike kachikopa kena pakati, m'mbali mwa kokuthwa, kuti mpeni usamadule ulusi. Chikopa chimasunga chinyezi, choncho pakhomo mpeni uzikhala panja pake, ulowemo pa tsiku la ulendo. Musalowetsemo mpeni wamagazi, chifukwa m'kati mwa chikopa simutsukika, ndipo tizilombo ta nkhuku yaiwisi tidzakudikirani mommo. Paipi ya pulasitiki yofewetsa pamoto n'kuiphwathalalitsa imapanga chimake chosaoneka bwino koma chotsukika.

Pa ulendo, mpeni ukhale pansi pa chikwama pamodzi ndi mapoto, osati m'chiuno m'minibasi kapena pamsika. Akulu anu akamabwera pandege auike m'katundu wopita kunsi, m'chikwama cha m'manja awalanda pachipata. Amene mukuwerenga muli ku Britain samalani kwambiri: lamulo la kumeneko limalola kuyenda ndi mpeni wopinda wosakiya wosapitirira mainchesi 3, koma wosapinda uliwonse, ngakhale waung'ono bwanji, umafuna chifukwa chomveka, monga ntchito kapena ulendo wokawedza umene mukupitadi.

Pouza akulu anu, tchulani zinthu zitatu kuti asasokonezeke m'sitolo: Victorinox wa chikumbu chakuda, wa masentimita 12 mpaka 14, wopanda mano. Akausowa atenge Companion wa stainless, ndipo chenji chotsalacho agulire mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala.