Chipepeso chinaperekedwa, nanga amene anawombera ali kuti?

Mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Texas wandilembera kalata. Mwana wawo wamkazi wa zaka 17 anawafunsa chifukwa chimene apolisi omwe anapha Breonna Taylor, mtsikana wakuda wa ku America, sanamangidwire, pomwe banja lake linalandira ndalama zankhaninkhani, ndipo iwo anasowa choyankha. Mayi, funso la mwana wanuyu landifika pamtima, chifukwa nanenso ndinakula nalo.

Breonna anali ndi zaka 26 pamene apolisi a mumzinda wa Louisville anathyola chitseko cha nyumba yake pakati pa usiku mu March 2020. Bwenzi lake linawombera kamodzi poganiza kuti ndi achifwamba, apolisi n'kubwezera zipolopolo 32. Mankhwala ozunguza bongo amene ankafunawo sanapezeke m'nyumbamo. Mzinda unapereka madola 12 miliyoni kwa banja, koma mlandu woyamba umene wapolisi Brett Hankison anazengedwa unali wa zipolopolo zimene zinalowa m'nyumba ya anthu oyandikana ndi Breonna, osati wa imfa ya mtsikanayo. Hankison anadzagamulidwa mu 2025 kuti akakhale kundende miyezi 33, koma apolisi awiri amene zipolopolo zawo zinamulasadi Breonna sanazengedwe mlandu wakupha.

Zimenezi sizinayambe lero. Mu 1949, ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, apolisi awiri achizungu anagwirira Gertrude Perkins, ndipo ngakhale anthu akuda a mumzindamo anadandaula kwambiri, mlanduwo sunafike n'komwe pozengedwa. Mu June 1963, Fannie Lou Hamer, amene ankalimbikitsa akuda kulembetsa kuti azivota, anatsekeredwa m'chitokosi ku Winona, Mississippi, ndipo apolisi analamula akaidi awiri kuti amumenye mpaka impso ndi diso lake zinawonongeka moyo wake wonse. Gulu logamula mlanduwo linali la azungu okhaokha, ndipo linamasula onse oimbidwa mlandu. Mu 1984, Eleanor Bumpurs, gogo wa zaka 66 wa ku Bronx mumzinda wa New York, anawomberedwa apolisi atabwera kudzamutulutsa m'nyumba chifukwa cha lendi, ndipo wowomberayo anamasulidwa mu 1987. Nkhani ya Rekia Boyd wa ku Chicago, mtsikana amene anafa wapolisi atawombera pagulu la anthu, ndiyo imandiwawa koposa: woweruza anamasula wapolisiyo mu 2015 ponena kuti mlandu wopha mwangozi umene anamuimba sunali woyenera, popeza kuwombera pagulu la anthu n'kochita dala. Mzinda unali utapereka kale madola 4.5 miliyoni.

Ndili mtsikana, azakhali anga ankagulitsa tomato ndi usipa pamsika wina kwathu ku Malawi. Tsiku lina pothamangitsa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, wapolisi wina anawamenya ndi chibonga, chitenje chawo chinavuka pamaso pa anthu, ndipo anakagona m'chitokosi opanda mlandu wolembedwa. Patapita masiku, munthu wina anabwera kunyumba ndi envelopu. Amalume anakhala pansi ndi akuluakulu, anawerenga ndalamazo, n'kunena kuti nkhani yatha, tisaputenso anthu aboma. Azakhaliwo sanafunsidwe maganizo awo. Anasiya kupita kumsika umenewo chifukwa wapolisi uja ankadutsabe pamalo omwewo atavala yunifolomu yake, ndipo malonda amene ankalipirira ana fizi anathera pomwepo. Amayi a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika atanena mu 2019 kuti apolisi anawagwirira, khoti lalikulu n'kulamula chaka chotsatira kuti apatsidwe chipepeso, ndinasangalala kuti awakhulupirira, komabe ndinkangoganizira za envelopu ija.

Ndikunena mosabisa kuti chipepeso chopanda chilango si chilungamo. Ndalamazo sizichokera m'thumba la wolakwayo, zimachokera ku misonkho ya anthu, kuphatikizapo ya mayi wolirayo. Wapolisi amene sanataye kalikonse alibe chimene chingamuletse mawa, ndipo anzake amaphunzira kuti moyo wa mkazi wakuda uli ndi mtengo umene ena adzalipira. Sindikudzudzula mabanja olandira ndalamazo ayi, chifukwa maliro ndi ana amasiye amafuna ndalama. Ndikudzudzula iwo amene amalemba cheke pofuna kutseka pakamwa funso loti ndani anachita izi.

Zoti mumuuze mwana wanu

Muuzeni kuti ku America mlandu wa chipepeso ndi mlandu wa upandu ndi yosiyana. Wa chipepeso banja limatha kuuyambitsa lokha, pomwe wa upandu uli m'manja mwa loya wa boma, amene amadalira apolisi omwewo tsiku ndi tsiku kuti amubweretsere umboni pa milandu ina. Muuzeninso kuti nthawi zina khomo limatseguka: Daniel Holtzclaw, wapolisi wa ku Oklahoma City amene ankagwirira amayi akuda osauka poganiza kuti palibe adzawamvere, anagamulidwa zaka 263 mu 2016, amayi 13 atalimba mtima n'kuperekera umboni. Awerenge za ntchito ya Say Her Name (kutanthauza kuti "Tchulani Dzina Lake") imene katswiri wa zamalamulo Kimberlé Crenshaw ndi anzake anayambitsa mu 2014 poona kuti maina a akazi ophedwa ndi apolisi ankaiwalika msanga kuposa a amuna.

Ndipo popeza pamsinkhu umenewu ambiri amayamba kuyendetsa galimoto, adziwe kuti akaimitsidwa ndi apolisi aike manja poonekera, apereke laisensi akaifunsidwa, ali ndi ufulu wosayankha mafunso ena ndi wopempha loya, ndipo nambala yanu ya foni aisunge pamtima.