Chotupa cha m'kapamba chomwe si khansa

Mayi wina wanditumizira imelo yokhudza amuna ake a zaka 61. Maso awo adachita chikasu, thupi lidatha, ndipo sikani idaonetsa kapamba (pancreas) wotupa ndi khoma la chifu lokhuthala. Poyamba madokotala adaganizira khansa, pano akuti ndi matenda a IgG4 (IgG4 ndi mtundu wina wa mapuloteni oteteza thupi opezeka m'magazi). Akufunsa kuti: kodi akungotinamiza kuti mitima ikhale pansi?

Mayi, sakukunamizani. Matendawa alipo, koma ndi osowa, ndipo adziwika posachedwa. Madokotala a ku Japan ndi amene mu 1995 adafotokoza kutupa kwa kapamba koyambitsidwa ndi chitetezo cha m'thupi. Mu 2001 adapeza kuti odwala otere amakhala ndi IgG4 wambiri m'magazi, ndipo pofika 2003 zidaoneka kuti vutoli limagwiranso ziwalo zina: njira ya ndulu, impso, tiziwalo topanga malovu ndi misozi. Chifu chimagwidwanso, koma mwa apo ndi apo. Ambiri odwala kapamba wotereyu ndi abambo opitirira zaka 50.

Chimachitika n'chakuti asilikali a m'thupi amaunjikana m'chiwalo chopanda mlandu, chiwalocho n'kutupa, kenako n'kuuma ndi zipsera. Kapamba akatupa amafinya njira ya ndulu yodutsa pamutu pake. Ndulu ikasowa kolowera imabwerera m'magazi: maso achikasu, mkodzo wakuda bii, chimbudzi chotuwa, khungu loyabwa, nthawi zambiri popanda ululu waukulu. Khansa ya kapamba imayambanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake ena adachitidwapo opaleshoni yaikulu, matenda enieni n'kudziwika kapamba atadulidwa kale.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kuyeza magazi kokha sikokwanira. Malire a IgG4 m'magazi omwe amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi 135 mg/dL, koma ena a khansa nawonso amawapitirira, pomwe ena a matendawa safikapo n'komwe. Funsani ngati adatenga kanyama m'kapamba ndi m'chifu n'kukayeza. Ngati sadatenge, funsani chifukwa chake, musachite manyazi. Ine ndimaona kuti kuyamba mankhwala khansa isanachotsedwe m'maganizo ndi umboni n'kuika moyo pachiswe.

Mankhwala oyamba ndi prednisolone, kawirikawiri 30 mpaka 40 mg patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Ambiri amasintha m'masabata awiri kapena anayi, ndipo sikani yachiwiri imaonetsa kutupa kutaphwa. Kukapanda kuphwa, madokotala abwererenso kukafufuza khansa msanga.

Bambo asasiye mankhwalawa mwadzidzidzi, ngakhale chikasu chitatheratu. Thupi limakhala litazolowera, ndipo kusiya kamodzin'kamodzi kungawagwetse. Prednisolone amakwezanso shuga, pomwe kapamba wopanga insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi, ndi wofooka kale, choncho shuga aziyezedwa pafupipafupi. Mukaona chimbudzi chamafuta, choyandama, chonunkha kwambiri, uzani dokotala, pakuti pali makapisozi othandiza kugaya chakudya.

Za kuchiriratu, ndinene chilungamo: matendawa amakonda kubwerera, mwina pachiwalo china. Akabwerera pali mankhwala otchedwa rituximab, ndipo mu 2025 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidavomereza mankhwala ena otchedwa inebilizumab pa matendawa. Asanayambe mankhwala otere ayezedwe TB ndi hepatitis B. Kutupa kulikonse kwatsopano pansi pa chibwano kapena pazikope, kanenani kuchipatala osadikira tsiku lomwe adakulemberani.