Aphunzitsi akumatuma mwana wanga kunyumba kwawo, ndichite chiyani?

Azakhali,

Ndimakhala kufupi ndi Santhe, ku Kasungu. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13, ali mu Sitandade 7. Kuyambira teremu yatha akumachedwa kufika pakhomo. Nditamufunsa anati akaweruka, aphunzitsi ake aamuna amamutuma kukatunga madzi ndi kusesa kunyumba kwawo. Sabata yatha ndinapeza mafuta odzola ndi K2,000 m'chikwama chake. Anati anamupatsa ndi aphunzitsiwo, ndipo anamuuza kuti asandiuze. Ndinakafika kwa ahedi, koma anati ndisautse mapiri pachigwa, akambirana okha ndi mnzawoyo. Bambo ake akuti tingozisiya, angamulepheretse mayeso. Tulo sindikuliona.

Mayi wa ku Santhe

Mayi anga,

Mtima wanu sukukunamizani. M'kalata yanu yonse, chimene chandigwira pakhosi ndi chakuti mwanayo anauzidwa kuti asakuuzeni. Mphunzitsi wofuna kuthandiza mwana ndi sopo kapena kope sabisa, amapereka anthu akuona kapena amadzera kwa makolo. Munthu wamkulu akayamba kusungitsa mwana chinsinsi, amakhala akumuyesa ngati angathe kukhala chete pa zazikulu zimene zikubwera. Komanso mwana wasukulu si wantchito wa aphunzitsi, madzi a kunyumba kwawo atunge okha.

Ndinagwirapo choko zaka zambiri, ndipo pali mtsikana wina amene sindimamuiwala. Tonse pasukulupo tinkamuona akunyamula makope kupita nawo kunyumba kwa mnzathu wina. Tinkangoyang'anizana. Pofika nthawi yokolola fodya, mwana uja anali atasiya sukulu ali ndi pakati, ndipo mnzathuyo anangomusamutsira kwina, komwe kunalinso ana a anthu. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndinakhala chete.

Yambani ndi mwanayo lero lomwe. Musamukhazike pansi ngati muli pabwalo la milandu, ndipo chonde musamumenye chifukwa cha ndalamazo, mukatero atseka pakamwa mpaka kalekale. Pezani nthawi muli awiri, mwina mukusadzula ndiwo kapena mukutonola chimanga. Muuzeni kaye kuti, "Sunalakwe, ndipo sindikukalipira." Kenako mufunseni modekha kuti akafika kunyumbako amachita chiyani, ndipo kumakhala ndani. Musamuikire mawu m'kamwa. Akayamba kulira musiyeni alire, ayankhulabe.

Akanena kuti anamugwira m'malo obisika kapena anagona naye, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP, oteteza ku kachilombo ka HIV, amagwira ntchito ngati ayambidwa maola 72 asanathe, ndipo aliponso oteteza kuti asatenge mimba. Zovala zimene anavala musachape. Ngakhale papite masiku, pitanibe, amuyeze ndi kulemba zimene apeza. Kenako kapereke dandaulo ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Malamulo ali mbali yanu. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo tili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010. Kugona ndi mwana wa zaka 13 ndi mlandu waukulu wa kukhoti, kaya mwanayo akuti anavomera kaya ayi. Si nkhani yothera kwa amfumu ndi mbuzi, kapena yopepesana mu ofesi ya ahedi chitseko chili chotseka.

Nanga akati sanamuchite kalikonse? Thokozani Mulungu, koma musakhale pansi. Simukuyenera kudikira umboni wa chilonda kuti mudandaule. Poti ahedi akuzengereza, adutseni. Pitani ku TDC ya dera lanu, malo amene aphunzitsi amachitirako maphunziro a ntchito yawo, mukaonane ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro, ndiwo amayang'anira sukulu za m'zoni. Uzaninso amayi a mother group ndi wapampando wa komiti ya sukulu, kawirikawiri amayi amenewa amadziwa ngati pali atsikana ena amene akutumidwa chimodzimodzi. Kuboma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo pafoni mutha kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Paliponse mukapita, lembani tsiku ndi zimene akuyankhani.

Za mantha a bambo, ndikuwamvetsa, ambiri timaopa kulimbana ndi wogwira cholembera chofiira. Auzeni kuti mayeso a Sitandade 8 amakonza ndi kuchonga ndi a MANEB, osati mphunzitsi ameneyo. A chaka chino ndiwo ali m'manja mwa sukulu, n'chifukwa chake mukauze a PEA kuti mwanayo asakhalenso m'kalasi mwa munthu ameneyu. Ku TDC-ko mupite nonse awiri ndi bambo, asakusiyeni nokha.

Nkhaniyi musaifalitse pachitsime, dzina la mwana wanu lisamveke m'kamwa mwa aliyense. Mafuta aja ndi K2,000 ija musabweze, sungani pamalo abwino, adzazifuna pofufuza. Kuyambira mawa, akaweruka azibwera molunjika kunyumba ali ndi anzake, ndipo wina akamutuma ayankhe kuti, "Amayi anandiletsa."

Ine Azakhali anu