Funsani Azakhali: Kodi madizaini a chofunda cha zigamba ndiwapeze kuti?

FUNSO: Azakhali, ine ndimasoka pakhonde ndi makina a Singer opalasa ndi mwendo omwe anasiya malemu mayi anga. Telala wina amandisungira zidutswa za zitenje nde ndimalumikiza nkukhala chofunda, koma zonse zimangotuluka mabokosi mabokosi basi mpaka makasitomala ayamba kunena kuti ndi zomwezomwezo. Pa Facebook ndimaona anzathu akunja akusoka zokongola koma nsalu zawozo kuno kulibe. Nzeru za dizaini anthu amazitenga kuti? Mayi wa ana atatu, Chitakale, Mulanje

YANKHO: Achemwali, za pa Facebook zija zisakudwalitseni mutu, ambiri aja amachita kugula nsalu mtundu ndi mtundu pomwe inu muli ndi zitenje zoti chilichonse chili ndi maluwa akeake. Lowani kukhitchini mutenge lichero, mulitembenuze, muyang'anitsitse kumbuyo kwake. Muona kuti kansungwi kamodzi kamadumpha tinzake tiwiri kapena titatu kenako nkulowa pansi, mzere wotsatira nkusuntha pang'ono, winanso kusuntha, mpaka pamatuluka timasitepe topendekeka. Mabokosi anu omwewo, mungowadula motalikirapo, chowala chakuda chowala chakuda, ndipo mzere uliwonse muziusuntha ndi theka la chidutswa. Dizaini yatha pamenepo, simunagule kalikonse.

Mukakwera minibasi yopita ku Limbe musamangogona, yang'anani minda ya tiyi ya ku Thyolo. Munda wina wobiriwira mowala chifukwa waphuka kumene, wina wobiriwira moderako, wina audulira wangotsala timitengo tofiirira, pakati pake kanjira ka dothi lofiira. Imeneyo ndi dizaini ya timizere titalititali, ena otambalala ena opyapyala, ndipo kwa munthu wa makina opalasa ndi yosavuta kuposa zonse poti mumangowongola basi. Kanjira kofiirako kakhale kamodzi kapena tiwiri, mukachulutsa zasokonekera.

Phiri muli nalo pakhomo penipeni. Sapitwa ndi mamita 3,002 koma pa chofunda ndi kansalu ka makona atatu basi: dulani bokosi kuchoka pakona kufika pakona, theka lakuda likhale phiri, theka lowala likhale mtambo, mukandandalika mwapanga mapiri kuchokera ku Chambe mpaka uko. Chenjerani kuti nsalu yodula mopingasa chonchi imatamuka, musamaikoke posoka. Khungu la chinanazi nalonso lili ndi dizaini yabwino koma ine ndinganene kuti muyambe mwaisiya kaye, makona ake akapanda kukumana imaoneka yonyansa.

Tsono chomwe chimapangitsa kuti dizaini ioneke si mtundu wa nsalu ayi koma kuwala ndi kuda kwake, apa mpomwe ambiri amaphonya. Gawani zidutswa zanu milu itatu, zowala, zapakatikati ndi zakuda, muziyale pamkeka mmene mukufunira nde mujambule ndi foni, chithunzicho muchisinthe chikhale chopanda mitundu, cha black and white chija. Ngati masitepe a lichero aja akuonekabe ndiye kuti zili bwino, ngati zonse zangokhala phulusa sinthani musanasoke. Ndipo zitenje zokhazokha zimalimbana, pamafunika nsalu yopanda maluwa yoti maso apumirepo, shiti yakale, malaya oyera a pa kaunjika, ngakhale yunifolomu yomwe mwana anaisiya. Zitenje za Mulhako zomwe anthu amavala ku Chonde mu Okutobala zimakhala mbwee mmabokosi, pemphani zakalezo kwa abale. Koma za chipani zija ngati chofunda nchogulitsa zisiyeni, mudzadula nkhope ya munthu pakati kasitomala nkukwiya nanu zaulele.

Musanagwire sizasi jambulani kaye mu kope la masamu la timabokosi lija, kabokosi kamodzi kaimire masentimita 10. Dulani katoni yoyezera, muonjezere sentimita imodzi mbali zonse ya msoko, ndipo zidutswa zonse muzichape nkusita kaye chifukwa zitenje zina zimasuluka, zina zimafupika zikalowa mmadzi.

FUNSO: Azakhali, chofunda chomwe ndinasokera mwana ndinaikamo bulangete lakale mkati, titachapa lonse launjikana mbali imodzi. Ndalakwitsa pati? Bambo wosoka, Luchenza

YANKHO: Achimwene, mwangosoka mmbali mokha eti? Nsalu yapamwamba, bulangete ndi nsalu yapansi zimayenera kugwirana paliponse. Yalani pansi, mangani ndi mapini kapena ulusi wongogwirizira, nde musoke zitatu zonse pamodzi kuyambira pakati kupita kunja, mizere isatalikirane kuposa chikhatho chanu. Mutha kungotsata misoko ya zigamba yomweyo. Makina akamakana kukhuthala, tengani singano yaikulu ndi ulusi wolimba muzimanga timfundo apa ndi apo, zimagwira bwinobwino. Bulangetelo likhale lopepuka, lolemera lija mukalichapa nthawi ya chiperoni mu Juni kapena Julayi limatha masiku lisanaume mpaka kuyamba kununkha chinyezi.