Digiri ya AI: ya makompyuta kapena ya bizinesi?

Mtsikana wina amene akuyamba yunivesite chaka chino wanditumizira imelo. Wapeza malo m'maphunziro awiri, onse otchedwa AI, luso lopangitsa makompyuta kugwira ntchito zofuna nzeru ngati za munthu. Ena ali ku dipatimenti ya makompyuta, ena ali kusukulu ya zamalonda. Akuti masamu amakhoza ndithu koma amamutopetsa, ndiye akufunsa kuti asankhe ati kuti asadzanong'oneze bondo.

Achemwali, dzina la digiri lisakukopeni. Pemphani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, muone kuti masamu alimo ochuluka bwanji.

Ndikutero chifukwa AI si ya dzulo, ndipo yasintha nkhope kangapo. Dzinali linatchuka pa msonkhano wa ku Dartmouth College mu 1956, womwe katswiri wa makompyuta John McCarthy anakonza ndi anzake. M'zaka za m'ma 1980 makampani anathira ndalama zambiri m'mapulogalamu omwe akatswiri ankalembamo malamulo pamanja, limodzilimodzi. Msika wa zimenezo unagwa. Mu 2012 ophunzira awiri a Geoffrey Hinton ku yunivesite ya Toronto anapambana mpikisano wa ImageNet, wozindikira zinthu pazithunzi, ndipo dziko lonse linatembenukira ku njira yawo yophunzitsa kompyuta ndi zitsanzo. Mu 2017 akatswiri a ku Google anatulukira kapangidwe ka mapulogalamu a AI kotchedwa transformer, komwe ndi maziko a ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso yomwe inatuluka mu November 2022. Munthu amene anangophunzira chida cha nthawi yake ankatsalira pa kusintha kulikonse. Amene anagwira masamu ankasamukira ku chatsopanocho mosavuta.

Masamuwo ntchito yake ndi iyi. Kompyuta imapatsidwa zitsanzo zambirimbiri, imapereka yankho longoyerekeza, kenako timayeza kuti yaphonya motani. Mkati mwake muli manambala mamiliyoni kapena mabiliyoni, ndipo iliyonse imasunthidwa pang'ono kuti ulendo wotsatira kuphonyako kuchepe. Calculus ndi amene amanena kuti nambala isunthire mbali iti. Linear algebra amathandiza kuwerengera manambala onsewo nthawi imodzi. Statistics amakuuzani ngati kompyuta yaphunziradi kapena yangoloweza zitsanzo. Ku makompyuta mudzakumana ndi zonsezi, kuphatikizapo kulemba mapulogalamu mu Python. Ambiri zimawatopetsa m'chaka choyamba, pomwe sanaone kuti zikupita kuti.

Koma sindikufuna kuti muderere mbali ya bizinesi. Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya Amazon. Kampaniyi inapanga pulogalamu yosankha makalata a ofunsira ntchito, ndipo mu 2018 atolankhani a Reuters analemba kuti inaisiya itazindikira kuti imachotsera akazi mapointi. Pulogalamuyo inaphunzira pa makalata a zaka khumi, ambiri mwa iwo ochokera kwa amuna, ndiye inatengera tsankho lomwelo. Apa masamu sanalakwe. Panafunika munthu wofunsa msanga kuti deta, zitsanzo zomwe kompyuta ikuphunzirapo, yachokera kuti, ndipo makina akalakwitsa avutike ndani. Lamulo la AI la European Union la 2024 limaika mapulogalamu olembera anthu ntchito ndi oyeza amene ali woyenera ngongole m'gulu la zinthu zofunika kuyang'aniridwa kwambiri. Mabanki ndi makampani a inshuwaransi akufuna anthu omvetsa zimenezi, ndipo ndi ntchito yolemekezeka.

Komabe poti mwanena kuti masamu mumakhoza, ine ndingakulangizeni kupita ku makompyuta, n'kumatengako maphunziro ena a zachuma ndi akaunti ngati yunivesite imalola. Za kayendetsedwe ka bizinesi anthu ambiri amaziphunzira ali pantchito, pomwe calculus ndi wovuta kumuyamba madzulo mutaweruka, muli ndi banja ndi maudindo ena.

Ngati mtima wanu uli ku bizinesi basi, pitani, koma muonetsetse kuti m'maphunzirowo muli statistics, SQL yofufuzira zinthu mu database (nkhokwe ya deta), Python pang'ono, komanso pulojekiti yogwiritsa ntchito deta yeniyeni ya kampani. Akakhala ongophunzitsa kalembedwe ka mafunso ofunsa ChatGPT, zaka zanu ndi fizi yanu zingopita pachabe, chifukwa zimenezo mungaphunzire nokha m'masabata ochepa. Musanalipire, pezani ophunzira a chaka chomaliza a mbali zonse ziwiri, muwafunse kuti pulojekiti yawo ndi yotani komanso kuti anzawo omwe anamaliza chaka chatha akugwira ntchito zanji.