Kulandira madokotala atsopano a family medicine ku Zomba

Mwafunsa, achimwene, ngati sabata imodzi ya m'kalasi ingakwane polandira madokotala atsopano amene akuyamba maphunziro a family medicine, udokotala wothandiza anthu a misinkhu yonse pa matenda osiyanasiyana. Ine ndikuona kuti siingakwane. Maphunzirowa, amene anayamba mu 2015 ku College of Medicine, yomwe tsopano ndi mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), amatenga zaka 4, ndipo amakonzekeretsa dokotala kutsogolera chipatala cha m'boma, kumene yekhayo amachita opaleshoni ya mayi woyembekezera m'mawa n'kukaona mwana wa malungo masana.

Kuno ku Zomba, ndikanakonda kuti asanapatsidwe wodi ku Zomba Central, ayambe ayendera zipatala zing'onozing'ono monga Matawale ndi Domasi, kuti aone kumene odwala otumizidwa amachokera ndiponso mmene ma clinical officer, anamwino ndi alangizi a zaumoyo amagwirira ntchito. Chipatala cha Zomba Mental asachidumphe, pakuti matenda a maganizo adzakumana nawo kulikonse.

Chinanso, aliyense apatsidwe dokotala wamkulu womuyang'anira kuyambira tsiku loyamba, ndipo auzidwe momveka amene angamuimbire foni usiku zinthu zikavuta.