Funsani Aphunzitsi: Mwana wanga wangoti agalu, agalu

Aphunzitsi, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Indiana m'dziko la America. Wamkuluyo ali Grade 4. Chiyambireni Malichi, nkhani pakhomo pano ndi agalu okhaokha. Akuti aphunzitsi awo apachika mapu a Alaska m'kalasi, mwana aliyense wasankha woyendetsa agalu wake pa mpikisano wotchedwa Iditarod, ndiye m'mawa uliwonse amaona pa kompyuta pomwe wafika. Dzulo ndangofika kuchokera ku shifiti ya usiku, iye ali kale pakhomo kudikira foni yanga. Ine ndimavutika chonchi kuti mwanayu adziwe masamu ndi Chingerezi, osati azichemerera agalu. Kodi ndikadandaule kwa ahedi?
Mayi wodandaula, Indiana

Mayi, kwa ahedi musapite kaye. Yambani mwatsegula kope la mwanayo.

Ndikutero chifukwa nanenso ndinapsapo mtima ndi agalu omwewa. Nditapuma ntchito yauphunzitsi ndinakacheza kwa mwana wanga ku Minnesota, ndipo ndinapeza mdzukulu wanga atamata chithunzi cha galu pa firiji ngati wachibale. Ine amene ndinakula galu akugona pakhonde n'kumadya mkute, ndinati izi ndiye zachibwana. Ndinasintha maganizo tsiku limene mwanayo anandifunsa samu ine n'kuilephera.

Poyamba ndikuuzeni mpikisanowo. Iditarod imachitika ku Alaska, dera lozizira la kumpoto kwa America, chaka chilichonse kuyambira 1973. Amatsegulira mu mzinda wa Anchorage Loweruka loyamba la Malichi, mawa lake n'kuyamba zenizeni ku Willow, kukathera ku Nome, m'mbali mwa nyanja ya Bering. Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 1,600. Munthu mmodzi amaima kumbuyo kwa chileyi, ngolo yopanda mateyala yotsetsereka pa chipale chofewa, agalu oposa khumi n'kumakoka. Woyamba kupambana, Dick Wilmarth, anatenga masiku 20. Mu 2017 Mitch Seavey anatha m'masiku 8 ndi maola osakwana anayi.

Tsono samu ija. Opikisana sanyamuka limodzi. Amasiyana mphindi ziwiriziwiri, chifukwa agalu ochuluka chonchija mukawamasula pamodzi zingwe zikhoza kukolana n'kuyamba ndewu. Mdzukulu wanga anati, "Agogo, nanga wonyamuka pomaliza uja sanaberedwe?" Ndinati waberedwa basi, ndi mmene dziko lilili. Anandiseka. Anatenga pensulo, n'kulemba kuti tiyerekeze alipo 40. Pakati pa woyamba ndi womaliza pali mipata 39, osati 40, ndipo anandidikira mpaka nditavomera zimenezo. Mipata 39 kuchulukitsa ndi 2, mphindi 78. Ndiye popeza aliyense amakakamizidwa kupumitsa agalu maola 24 pamalo amodzi panjira, woyamba uja amamuwonjezera mphindi 78 zija pa kupumako, pomwe womaliza amapuma maola 24 enieni. Akadzuka pamenepo onse afanana. Mwana wa zaka 9 ameneyo. Ine ndinaphunzitsa kuchulukitsa zaka zambiri, ndi timitengo ndi zitsekerero za mabotolo, koma sindikumbukira mwana amene anabwera yekha kudzandikakamiza kuti tiwerengere limodzi madzulo.

Nzeru ya aphunzitsi a kumeneko ili pamenepo. Galu ndi nyambo chabe. Mwana akasankha woyendetsa wake, manambala aja amasanduka nkhani ya munthu wake. Amafuna kudziwa kuti ngati wachoka ku White Mountain, pomwe aliyense amapuma maola 8, ndipo kwatsala mamailosi 77 kuti afike ku Nome, afika nthawi yanji akamayenda mamailosi 8 pa ola. Amawerenga nsapato za agalu, poti agaluwo amavala tinsapato tansalu kuti madzi oundana asawacheke mapazi: agalu 16, miyendo inayi aliyense, 64 pa kuvala kumodzi, ndipo zimatha msanga. Manambala a pansi pa ziro, amene ana ambiri amawaopa, kumeneko ndi nyengo ya tsiku ndi tsiku. Mumufunse mwana wanu kuti -40 pa Fahrenheit ndi zingati pa Celsius. Yankho ndi -40 yomweyo, ndi pokhapo pomwe miyeso iwiriyi imakumana.

Si maganizo a mphunzitsi mmodzi ayi. Okonza mpikisanowu ali ndi gawo la maphunziro, ndipo kuyambira 1999 amasankha mphunzitsi mmodzi chaka chilichonse, amene amamutcha Teacher on the Trail. Iyeyu amayenda pa tindege tating'ono kuchoka pa malo opumira ena kupita pa ena, m'midzi ngati Nikolai, McGrath ndi Unalakleet, n'kumalembera makalasi zomwe akuona.

Mbiri nayo ilimo. Mu Januwale 1925 ku Nome kunabuka diphtheria, nthenda yotseka pakhosi imene imapha ana kwambiri. Nyanja inali itaundana, sitima sizikanafika. Mankhwala anabwera pa sitima ya pamtunda mpaka ku Nenana, ndipo kuchokera apo amuna 20 ndi agalu pafupifupi 150 analandizana phukusilo mtunda wa makilomita 1,085 m'masiku asanu ndi theka. Galu amene analowa mu Nome akutsogolera, Balto, anamuumbira chipilala ku Central Park mu New York. Koma amene anayenda mtunda wautali ndi woopsa kuposa onse anali Togo, galu wa Leonhard Seppala, ndipo kwa zaka zambiri dzina lake silinkamveka. Wophika nsima wina, woyamikiridwa wina. Mphunzitsi wochenjera amawasiya ana akangane pa nkhaniyi kenako n'kuwauza kuti alembe maganizo awo, ndiye Chingerezi mukufunacho chimenecho. Anthu ambiri amati Iditarod inayambika pokumbukira ulendo wa mankhwalawu, koma Joe Redington ndi anzake, amene anayambitsa mpikisanowu, chimene chinkawawawa kwambiri n'chakuti agalu okoka ankatha m'midzi chifukwa cha njinga zamoto zoyenda pa chipale.

Ngati wanuyo ndi mtsikana, poti simunanene, afufuze za Libby Riddles, mayi woyamba kupambana mu 1985, amene ananyamuka mkuntho uli mkati anzake atakhala pansi kudikira. Susan Butcher anapambana kanayi: 1986, 1987, 1988 ndi 1990.

Komabe sindikuuzani kuti zonse n'zokoma. Pa mpikisanowu agalu amafa. Mu 2024 anafa atatu, ndipo mabungwe oteteza nyama, monga PETA, akhala akunena kuti uthe. Mbali inayo imayankha kuti madokotala a ziweto amapima agalu pa malo opumira, ndipo wotopa kapena wovulala amatsala n'kubwezedwa pa ndege. Ine mtima wanga uli pakati. Koma mphunzitsi amene amaonetsa ana agalu akumwetulira okhaokha, osatchula zimenezi, akuwanamiza. Ana a zaka 9 amatha kumva nkhani yovuta. Chimodzimodzi chipale: mu 2015, 2017 ndi 2025 anachita kusamutsira poyambira ku Fairbanks, kumpoto, chifukwa njira ya masiku onse inalibe chipale chokwanira. Phunziro la kusintha kwa nyengo lagona apo.

Vuto lina ndi lomwe mukuliopalo, ndipo limachitikadi. Pali makalasi amene milungu iwiri imathera pa kujambula agalu ndi kupaka makrayoni. N'chifukwa chake ndati kope. Mukapezamo matebulo a mitunda, masamu a nthawi, ndime zolemba yekha, mwana akuphunzira. Mukapeza zithunzi zokhazokha, lemberani mphunzitsi wakeyo, osati ahedi, mumufunse mwaulemu kuti mwezi uno akufuna ana atolepo chiyani pa masamu ndi kulemba. Kumeneko aphunzitsi amayembekezera mafunso otere kwa makolo, sakuonani ngati wamwano.

Za foni yam'mawa zija, pirirani pang'ono. Mpikisano sudutsa milungu iwiri kwenikweni, ndipo umatha womaliza akalowa mu Nome, amene amapatsidwa nyali yofiira. Woyendetsa wa mdzukulu wanga chaka chimenecho anali kumapeto kwenikweni, anzake a m'kalasi atasiya kale kuyang'ana. Tinkadzuka awiri 6 koloko, iye ndi pensulo ine ndi tiyi, kuwerengera mamailosi otsala kuchokera pa malo opumira a ku Koyuk.